Mmene mungaikire wailesi ya ova-ova m'galimoto yakale ya apolisi yolondolera namondwe

Galimoto yomwe inali ya apolisi imabwera ndi zinthu ziwiri zomwe galimoto wamba ilibe: mabowo ndi mawaya. Mabowowo, padenga ndi pa chitsulo cholekanitsa injini ndi mokhala anthu, ndi aphindu, chifukwa wina anaboola kale pamalo oyenera. Mawaya ndiye musawakhulupirire. Anawalumikiza amisiri osiyanasiyana pa zaka zosiyanasiyana, uyu wa sayirini, uyu wa nyali za buluu, uyu wa wailesi, ndipo tsiku lochotsa zida za boma kawirikawiri amangodula ndi pulayala n'kukankhira nsonga pansi pa kapeti. Choncho mabowo gwiritsani ntchito, koma mawaya zulani muike anu.

Ntchito yolondola namondwe pa galimoto inatchuka ku America, m'madera ngati Oklahoma, Kansas ndi Texas, komwe miyezi ya Epulo, Meyi ndi Juni kumabuka akavuluvulu oopsa otchedwa tornado. Ena mwa anthu ochita zimenezi amagula Ford Crown Victoria yotsika ku polisi, galimoto yomwe inasiya kupangidwa mu 2011, chifukwa ndi yotchipa, olutaneta yake ndi yamphamvu, ndipo denga limakhala loboola kale. Zomwe aona amauza a National Weather Service, nthambi yoona za nyengo ya ku America, kudzera m'ndondomeko ya anthu odzipereka yotchedwa SKYWARN, nthawi zambiri pa wailesi. Kuno ku Salima ndi Nkhotakota galimoto yake imakhala Land Cruiser kapena Hilux yogula pa okushoni, ndipo chotivuta ndi china: mwera wa Meyi mpaka Ogasiti womwe umagudubuza mabwato, mphepo yamkuntho ya m'dzinja yosasula madenga a sukulu, ndi mitsinje ngati Linthipe, Bua ndi Dwangwa yomwe imatha kudzaza mvula itagwa kumtunda, kuno kusanagwe ndi dontho lomwe. A ku Dwangwa sanaiwale madzi a mu Febuluwale 2024. Pa nthawi ngati imeneyo magetsi amazima ndipo netiweki ya foni imathawa, koma wailesi yomwe ikudya batire la galimoto imalankhulabe.

Yambani ndi mapepala

Musanagule kanthu kalikonse, lankhulani ndi a MACRA. Iwo ndiwo amapereka chilolezo chogwiritsa ntchito mafunde a wailesi m'dziko muno, ndipo chilolezocho ndi chomwe chidzakuuzeni mtundu wa wailesi ndi eriyo zoti mugule. Ngati ndinu gulu, monga komiti ya pagombe kapena bungwe lothandiza pa ngozi zogwa mwadzidzidzi, mumapempha kuti akupatseni frequency yanuyanu, yomwe ndi nambala ya mafunde yolankhulirapo. Ngati ndinu munthu payekha wokonda za mawailesi, njira ndi ya amateur radio: kuno chigawo chake cha mafunde otchedwa VHF ndi 144 mpaka 146 MHz, ndipo dzina loitanira la wa ku Malawi limayamba ndi 7Q. Manambala omwe mumawaona pa YouTube, monga 146.520 MHz, ndi a ku America, musawakopere. Channel 16, yomwe ndi 156.800 MHz, ndi ya zombo zopempha thandizo, si yocheza.

Galimotonso ivuleni upolisi wonse. Nyali za buluu, sayirini, zilembo ndi mizere ya m'mbali zichoke, umwini usinthidwe ku Road Traffic. Mukapeza wailesi ya boma itaiwalika pansi pa mpando, ibwezeni, osaiyatsa n'komwe. Eriyo yaitali pa galimoto yooneka ngati ya apolisi imabweretsa mafunso pa rodibuloko iliyonse ya mu M5, ndiye kope ya chilolezo cha MACRA izikhala m'galimoto momwemo pamodzi ndi mapepala ena.

Kuzula zakale

Chotsani temino ya − pa batire kaye. Kenako tulutsani mipando yakutsogolo ngati zingatheke, vundukulani kapeti, tsegulani pansi pa dashibodi. Mupeza mawaya omangidwa tepi yomata ngati phula, ena opotokola ndi manja, ena osavala kanthu kunsonga. Gwirani waya mmodzi, mumutsate mpaka komwe wachokera. Akathera pa batire, pa relay (siwichi yoyendera magetsi) yoonjezera kapena pa bokosi la mafyuzi lomwe si la kufakitale, muchotseni yense. Akalowa mu mtolo wa mawaya a kufakitale, musamukoke: dulani pafupi, tsekani nsonga bwinobwino, musiyeni. Mawaya ndi mapulagi achikasu m'galimoto zambiri ndi a airbag, amenewo musawakhudze.

Mukamaliza bwezerani temino, zimitsani chilichonse, mutenge mita yoyezera magetsi muyeze nsonga iliyonse yomwe yatsala. Waya yemwe ali ndi moto kiyi ali m'thumba mwanu ndi yemwe amamaliza batire usiku, ndipo ndi yemwenso amayatsa kapeti tsiku lomwe madzi alowa.

Mita ikadali m'manja, yezani batire lenileni. Izi n'zofunika kwambiri pa Land Cruiser za dizilo, chifukwa zina zili ndi mabatire awiri olumikizidwa kuti apereke 24V. Mawailesi a m'galimoto a Yaesu, Icom, Kenwood kapena Motorola amafuna 13.8V, ndipo mukawapatsa 24V amapsa nthawi yomweyo. Galimoto ya 12V imaonetsa 12.4 mpaka 12.7 injini itazima, ndi 13.8 mpaka 14.4 ikulira. Mita ikaonetsa 25 kapena 28, gulani converter yotsitsa 24V kufika pa 13.8V, ya 20A kapena kuposa. Amisiri ena amakonda kungoba moto pa batire limodzi mwa awiriwo. Wailesi imayakadi, koma batire limodzi limatha msanga, linzake limachajidwa mopyola, ndipo musanathe chaka mwagula onse awiri.

Moto wa wailesi

Wailesi ya 50W imakoka pafupifupi 11A pomwe mukulankhula. Soketi yoyatsira ndudu ili ndi waya wowonda, ndipo pulagi yake imadumphadumpha m'misewu ya fumbi yopita kumadoko. Moto utengeni pa batire mwachindunji.

Gulani waya wa kopa weniweni wa 4mm², wofiira ndi wakuda. Ngati wailesi ikakhale kumbuyo kwa galimoto, mtunda wopitirira mamita 4, tengani wa 6mm². Pamsika pali waya wonenepa chikopa chokha, mkati muli tinyenyeswa ta aluminiyamu topaka mtundu wa kopa. Sendani nsonga pomwepo musanalipire, palani ndi mpeni: mkati mukayera mbuu, usiyeni.

Fyuzi ya 15A ikhale pa waya wofiira, pafupi kwambiri ndi batire, osapitirira masentimita 30. Anthu ambiri amadalira fyuzi yomwe ili kumbuyo kwa wailesi. Iyo imateteza wailesi yokha. Waya akakhulika pa chitsulo pakati pa njira, mbali yonse yochokera ku batire imafiira ngati waya wa mbaula ya magetsi, ndipo fyuzi ya kumbuyo ija siidziwa kanthu.

Waya wakuda mangani pa bauti ya bodi pafupi ndi batire, pomwe pamangidwa waya wa − wa kufakitale. Palani utoto ndi dzimbiri ndi sandipepala mpaka chitsulo chiwale, mangani molimba, pakani girizi pang'ono pamwamba. Mabuku a mawailesi ena amati wakudayo apite pa temino ya − yeniyeni, ndipo mukatsata zimenezo nayenso akhale ndi fyuzi yake. Koma ngati pa temino ya − pali kachipangizo koyeza moto, monga zilili pa galimoto zatsopanoko, musadutse pamwamba pake, mangani pa bodi.

Podutsa kuchoka ku injini kulowa mkati, gwiritsani ntchito bowo lomwe apolisi anasiya, koma muikemo mphira watsopano. Waya asakhudze m'mphepete mwa chitsulo, asayandikire ekizozi, chiwongolero kapena mapedulo. M'chipinda cha injini muvekeni paipi ya pulasitiki ija yong'ambika m'mbali, mumumange ndi timalamba ta pulasitiki pa masentimita 20 kapena 30 alionse. Asanalowe pa bowo mupindeni pang'ono kulozetsa pansi kuti madzi azidontha panja m'malo motsata waya mpaka pa mapazi anu.

Dziwani kuti wailesi yolumikizidwa chonchi siizima ndi kiyi. Ngati ndinu oiwalaiwala, tsegulani APO m'mamenyu ake kuti izidzizimitsa yokha, kapena ikani relay yoyendera kiyi.

Pokhala wailesi

Apa sipafuna zambiri. Pakhale poti muone nkhope yake osachotsa maso pamsewu nthawi yaitali, pasakhale kutsogolo kwa airbag, ndipo kumbuyo kwake kuzipita mpweya. Kutentha kwa ku Salima mu Okutobala ndi Novembala mukukudziwa: wailesi yoikidwa pamwamba pa dashibodi imaphikika isanayambe n'kulankhula komwe. Pansi penipeni pa mpando siponso, chifukwa galimoto yomwe ntchito yake ndi kuyenda m'mvula tsiku lina idzamwa madzi. Pakati pa mipando pomwe panali zida za apolisi pamakhala mabowo a mabauti kale. Mangani ndi mabauti ndi manati, osati masikuluwu ongobaya mu pulasitiki. Ngati muboola patsopano, suzumirani kunsi kaye, kumadutsa mapaipi a mafuta ndi a mabuleki.

Onjezani sipika yapadera pafupi ndi khutu lanu. Mvula ikamamenya denga la Land Cruiser, kasipika ka m'wailesi sikamveka.

Eriyo

Ndalama ndi nthawi yanu zithere apa. Wailesi ya 25W yokhala ndi eriyo yabwino pakati pa denga imaposa ya 80W yomwe eriyo yake yapachikidwa pa bulubaa, kuseri kwa bodi.

Kwerani muone zomwe zili padenga. Mukapeza kachitsulo kozungulira ka mazinga, kokhala ndi kadontho ka mkuwa pakati, kameneko ndi NMO mount, pomangira ndodo ya eriyo, ndipo bowo lake ndi la mamilimita 19. Nthawi zina mupeza bowo lokha lotsekedwa ndi mphira. Sankhani lomwe lili pafupi kwambiri ndi pakati pa denga. Chifukwa chake n'chakuti ndodo yomwe mumaiona ija ndi theka chabe la eriyo, theka linalo ndi denga lachitsulo, ndipo pa VHF pamafunika chitsulo cha pafupifupi theka la mita mbali zonse. Kanope ya faiba ya kumbuyo kwa Hilux siigwira ntchito imeneyi, ndiye eriyo ikhale padenga la kabini. Mabowo otsalawo atsekeni ndi mphira watsopano ndi silikoni, apo ayi mvula yoyamba idzakupezani pa mpando.

Mount yakale ndi chingwe chake, maganizo anga ndi oti musinthe zonse. Chingwe cha eriyochi, chotchedwa coax, chikamwa madzi, ulusi wa mkati umada kapena kubiriwira, ndipo mphamvu ya wailesi imathera m'njira. Kunja chimaoneka chabwinobwino. Ngati thumba silikulola, dulani nsonga masentimita angapo muone: ulusi ukawala, chingapitirire. Chatsopano chikhale RG-58 cha 50 ohm. Chingwe cha dishi ya TV chomwe chimapezeka m'mashopu a pa Kamuzu Road ndi cha 75 ohm, si chimenecho.

Poika mount yatsopano, tsitsani siling'i ya mkati, palani utoto kunsi kwa denga mozungulira bowo kuti mano a mount alume chitsulo. Pamwamba musapale, pamenepo mphira wa mount ndiwo ukhale pa utoto kuti madzi asalowe. Chingwe chitsike ndi mzati wa chitseko, kuseri kwa pulasitiki, osachipinda mwamphamvu kapena kuchipanikiza ndi chitseko. Kunsonga kwake ikani pulagi yogwirizana ndi wailesi yanu, zambiri zimafuna PL-259. Musanamange ndodo, yezani ndi mita: pakati pa pini ndi chikopa chachitsulo cha pulagi pasakhale kulumikizana, koma chikopacho ndi bodi ya galimoto zilumikizane. Ulusi umodzi wokha wosochera mu pulagi ndi wokwanira kuwononga zonse.

Ndodo ziliko za mitundu iwiri zomwe zingakuthandizeni. Ya quarter wave pa 145 MHz ndi yotalika pafupifupi masentimita 49. Ya 5/8 wave imapitirira mita imodzi, ndipo pamalo athyathyathya ngati a m'mbali mwa nyanja imafika patali kuposa inzake. Vuto lake ndi nthambi. Njira zolowera ku magombe zadzaza mitengo ya mango, ndipo ndodo yaitali pa denga la Land Cruiser imamenya nthambi iliyonse, mphepo ikakula imapindika n'kumalozera kumbuyo. Ine ndingatenge yaitaliyo yokhala ndi sipuling'i kunsi, yaifupi ndiisunge m'galimoto. Pa NMO kusintha n'kungopotokola ndi dzanja. Mukapeza kandodo ka masentimita 16 kapena kuchepera kali padenga, kameneko ndi ka mafunde ena otchedwa UHF, sikagwirizana ndi wailesi ya VHF.

Eriyo ya maginito yongomata padenga ndi yabwino poyeserera. Chingwe chake chimadutsa pa chitseko, chimaphwanyika, ndipo nthambi imodzi imaigwetsa.

Kuyeza SWR

Musadumphe gawo ili. SWR imakuuzani ngati mphamvu ikutuluka pa eriyo kapena ikubwerera kudzawotcha wailesi. Mufunika mita ya SWR ya VHF, chifukwa ya mawailesi a mtundu wina otchedwa CB siiwerenga molondola pa mafunde awa. Ngati mulibe, bwerekani kwa amisiri a mawailesi.

Imikani galimoto pabwalo, kutali ndi nyumba za malata ndi mawaya a ESCOM, zitseko ndi boneti zotseka, pasakhale munthu pafupi ndi eriyo. Lumikizani mita pakati pa wailesi ndi chingwe, tsitsani mphamvu ya wailesi pa Low, dinani maiki kwa masekondi awiri kapena atatu. Pansi pa 1.5 zili bwino. Pakati pa 1.5 ndi 2 mutha kugwiritsa ntchito uku mukukonza. Ikafika 3 siyani kudina, bwererani ku pulagi ndi ku mount, vuto limakhala kumeneko kawirikawiri. Yezani pa frequency yotsika ndi yokwera mwa zomwe mwaloledwa. SWR ikakula kokwera, ndodo yatalika. Ikakula kotsika, yafupika. Masulani kasikuluwu ka m'munsi musunthe ndodo kaye musanaganize zodula, ndipo podula muzichotsa mamilimita awiri kapena atatu basi, chifukwa yodulidwa siibwerera. Wailesi musaidine konse eriyo isanamangidwe.

Kenako lizani injini mumvetsere. Kulira kwa "wiii" kokwera ndi kutsika motsata mafuta ndi olutaneta: onaninso pomwe mwamanga waya wakuda, zikakanika ikani filter yochotsa phokoso pa waya wofiira. Kuthetheka kwa "tetete" pa galimoto ya petulo kumachokera ku mapulagi. Koma chomwe chimasokoneza anthu ambiri masiku ano ndi machaja a foni otchipa ndi nyali za LED zoonjezera. Zimitsani chimodzichimodzi, mupeza mwini phokoso.

Idzafika pati?

Mafunde a VHF amayenda molunjika, ndipo chomwe chimawonjezera mtunda ndi kutalika kwa pomwe pali eriyo. Pamalo athyathyathya, galimoto ziwiri zomwe maeriyo ake ali mamita awiri kuchoka pansi zimamvana bwino pa makilomita pafupifupi 12. Mbali imodzi ikakhala ndi eriyo pa mlongoti wa mamita 10, mtunda umafika cha m'ma 19, kuyandikira mtunda wa pakati pa Salima ndi Senga Bay, ngakhale mapiri a ku Senga amatchinga malo ena. Kuchoka pa Salima kukafika pa boma la Nkhotakota ndi makilomita opitirira 100, ndipo popanda repeater (wailesi yolandira uthenga n'kuutumizanso patali) pamalo okwera musayembekezere kumvana. Mukakwera zitunda za msewu wa M14 wopita ku Lilongwe mudzadabwa kumva mnzanu wa kunyanja ngati ali pampando wakumbuyo.

Tsono tsiku lopanda mvula yendani njira zanu zonse, wina atakhala pa wailesi ya kunyumba kapena ya ku ofesi ya gulu. Imani pa Khombedza, pa Benga, pa mlatho wa Chia, pa doko lililonse lomwe mumafikako, muitane. Lembani m'kope malo omwe mukumveka bwino ndi omwe simukumveka. Pa tsiku la namondwe mudzadziwiratu poti mukaime kuti uthenga udutse.

Kumbukiraninso kuti msodzi wa bwato alibe wailesi. Uthenga wanu uyenera kukathera kwa munthu wa pagombe yemwe ali ndi kawailesi ka m'manja, kaya ka Baofeng kololedwa pa chilolezo chomwecho, ndipo iye ndiye aimbe wezulo, akweze mbendera kapena auze a komiti asodzi asanakankhe mabwato madzulo. Gwirizanani zimenezi wailesi isanafike n'komwe.

Tsiku la namondwe

Nyamukani mutamva kale zomwe a nthambi yoona za nyengo alengeza. Ntchito yanu ndi kutsimikiza ndi maso zomwe zikuchitika pamalo, osati kulosera. Polankhula dinani, dikirani kamphindi, kenako nenani dzina lanu loitanira, pomwe muli, nthawi, chomwe mukuona ndi komwe chikulowera. "Ndili pa mlatho wa Bua, 4 koloko, madzi atsala chikhatho kuti akhudze mlatho, akukwerabe." Zokwanira. Nenani zomwe mwaona nokha. Pa nyanja samalani ndi nkhungu: gulu lake likamakwera patali limaoneka ngati utsi kapena kavuluvulu wa pamadzi, ndipo mukabweza asodzi kawiri chifukwa cha tizilombo, kachitatu sadzakumverani.

Woyendetsa asagwire maiki mvula ikugwa. Khalani awiri, kapena imani. Poima, galimoto iloze kothawira, isakhale pansi pa mtengo kapena mawaya a magetsi. Mphezi ikang'anima werengani masekondi mpaka bingu: atatu alionse ndi kilomita imodzi. Akachepera 30 khalani m'galimoto, mawindo otseka. Ikayandikira zedi, ikani maiki pansi, musagwire zitsulo, ndipo wa kunyumba azule chingwe cha mlongoti pa wailesi yake mkuntho usanafike. Madzi oyenda pamsewu musawayese: masentimita 30 amasuntha galimoto yaing'ono, 60 amanyamula ndi Land Cruiser yomwe, ndipo simudziwa ngati pansi pakadali msewu. Ku El Reno, Oklahoma, pa 31 Meyi 2013, tornado inapha Tim Samaras, mwana wake Paul ndi Carl Young, akatswiri olondola namondwe omwe anali ndi zida zokwanira komanso luso la zaka zambiri.

Mukaima nthawi yaitali mukulankhula, muzilizako injini kuti batire lisagwe, ndipo mphamvu ya wailesi ikhale pa Low kapena Mid pokhapokha ngati sakukumvani. Mukabwerako masulani ndodo, pukutani mount, onani ngati mphira wake sunang'ambike, gwedezani fyuzi ndi bauti ya waya wakuda. SWR muyezenso mu Okutobala mvula isanayambe, ndi mu Epulo mwera usanafike.